A Biswick ndi Mawaya a Hotirodi Yawo

Malemu a Biswick Matewere a ku Croydon, mu mzinda wa London, sankadziwa kupereka moni n'kulekera pomwepo. Ukawayankha kuti uli bwino, dzanja lako sankalisiya, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi funso lotsatira linali lomwelomwelo: "Inuyo mukuona bwanji, thwelofu kapena twente wani?" Mlendo ankayesa akufunsa nambala ya basi. Owadziwa ankangoyang'ana wotchi n'kuusa moyo, podziwa kuti tiramu, sitima ya m'misewu ya kumeneko, yawasiya kale. Nkhani yake inali ya mawaya.

Kuseri kwa mafulati ena kufupi ndi njanji kunali mzere wa magalaja alendi a zitseko zamalata, ndipo m'galaja yachitatu ndi mmene munkagona chuma cha a Biswick. Kanali kagalimoto ka m'ma 1950, komwe anakakapeza ku Romford katafwifwa m'munda wa munthu, nkhandwe itaswera ana pampando wakumbuyo. Mkuluyu anali katswiri wowotcherera zitsulo, ntchito imene anakalamba nayo pa galaja ya mabasi. Anadula denga la kagalimotoko n'kulitsitsa, kumbuyo anaika matayala onenepa ngati a thirakitala, kutsogolo anapanikizamo chiinjini cha masilinda eyiti chomwe chinkasuzumira kunja ngati ng'ombe yotsekeredwa m'khola la mbuzi. Galimoto zotere amazitcha mahotirodi. Zonsezi anamaliza m'zaka zitatu, ndipo ngakhale azungu a m'magalaja oyandikana nawo ankabwera kudzasisita zitsulozo n'kumafunsa pamene anawotcherera, osapaona.

Chinatsala ndi hanesi basi, kutanthauza mtolo wa mawaya umene umachoka ku batire, kudutsa pa bokosi la mafyuzi, n'kumwazikira ku magetsi, ku hutala, ku mawaipa ndi kwina konse. Amaigulitsa yathunthu m'katoni. Ina imakhala ya maseketi thwelofu, ina ya twente wani, seketi iliyonse ndi ntchito yake. Munthu wamba amasankha tiyi asanazizire. A Biswick anasonkhanitsa timabuku ta ogulitsa mawaya mpaka tinadzaza jumbo, ndipo jumboyo inkayenda nawo kulikonse, ngakhale ku maliro.

Namwino wina anawayeza kuthamanga kwa magazi katatu chifukwa ankalephera kukhala chete makina akugwira ntchito. Pofuna kuti atseke pakamwa, mayiyo anangoti thwelofu. A Biswick anamufunsa zifukwa zake, ndipo akuti tsiku limenelo wotuluka m'chipindamo magazi atakwera anali namwinoyo. Pa ukwati wina ku Lewisham anawapatsa mphindi zisanu zopereka malangizo. Anayamba bwino kwambiri. Anati banja lili ngati hanesi, fyuzi ikapsa usakalipire batire, funa pamene pakhudzana. Anthu anawomba m'manja, amayi anaimba nthungululu, aliyense n'kuyesa zatha. Kenako jumbo inatseguka. Mkwati anafunsidwa maganizo ake, mkwatibwi nayenso, ndipo mpunga unazizira m'mapoto kufikira woimba zimbale anawakwirira mawu ndi nyimbo.

Abusa a Mwamba, a mpingo umene Amalawi ndi Azambia a m'deralo amapempherako, atatopa anati nkhaniyi ithe ndi voti. Pa tiyi wa Lamulungu mapemphero atatha, timapepala tinaponyedwa m'chipewa cha mlembi. Twente wani inapambana moonekeratu. A Biswick anaimirira, anathokoza onse chifukwa chovota mwamtendere, kenako anathetsa chisankhocho. Anati ovota ambiri sadziwa kusiyana kwa fyuzi ndi batire, komanso kapepala kamodzi kanalembedwa kuti "gulitsani galimotoyo" m'zilembo zofanana kwambiri ndi za akazi awo, mayi Gladys.

Pa anthu onse a ku Croydon panali mmodzi yekha amene a Biswick sanamufunsepo, ndipo anali yekhayo wodziwa mawaya. Ameneyu anali mlamu wawo Winfrida, mng'ono wa mayi Gladys, amene anachoka ku Chipata ali mtsikana ndipo anali atatha zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akukonza magetsi a sitima ku depoti. Winfrida akangotulukira, jumbo inkalowa kukhwapa. A Biswick ankamufunsa za ana, za mvula, za bondo la apongozi awo ku Chipata, ndipo ankathawira kukhitchini. Poyamba iye ankaseka. Pofika chaka chachisanu zinayamba kumuwawa. Anatsimikiza mumtima kuti alamu ake ndi aja okhulupirira kuti mkazi ndi waya siziyendera limodzi, ndipo anadandaula kwa mkulu wake kangapo. Mayi Gladys ankangoti awasiye, n'kusintha nkhani.

Chaka chachisanu ndi chiwiri kunamveka mbiri yakuti a Biswick agula hanesi mwakachetechete pa intaneti, ndipo aimanga okha, chitseko cha galaja chili chotseka. Loweruka lina masana anaitana mpingo wonse kudzaona. Winfrida sanaitanidwe, koma anapita n'kuima kumbuyo atapinda manja. A Biswick analowa m'galimoto atavala jekete, n'kutembenuza kiyi. Ataponda buleki, hutala inalira. Atayatsa indiketa yakumanzere, mawaipa anayamba kuvina. Atafuna kuzimitsa mawaipa, magetsi akutsogolo anaphethira kamodzi, ndipo pansi pa chiwongolero panayamba kutuluka utsi wabuluu wonunkha pulasitiki. Abusa, omwe anali atayamba pemphero lothokoza, anakalimalizira kutsidya kwa msewu. Winfrida ndi amene anadumpha n'kuzula waya wa batire. A Biswick anatuluka akutsokomola, anakonza jekete, n'kulengeza kuti vuto ndi lakuti hanesiyo inali ya maseketi fotini, nambala yosadziwika bwino. Lamulungu lotsatira jumbo inabwereranso kutchalitchi.

Zikanapitirira choncho, koma kunabwera kalata. Mwini malo anali atagulitsa magalaja aja kuti pamangidwe mafulati, ndipo aliyense anapatsidwa masabata asanu ndi limodzi kuti atulutse katundu wake. Anthu anawauza a Biswick kuti aitane lole yodzanyamula. Iwo anakana kwamtuwagalu. Anati galimoto yawo siingatuluke m'galaja itamangidwa pamsana pa inzake ngati mbuzi yopita kumsika, ndipo ikalephera kuyenda yokha, aigumulire pamodzi ndi makoma. Anthu anaseka monga mwa nthawi zonse. Mayi Gladys sanaseke. Anamuuza Winfrida kuti alamu ake asiya kudya bwino, amangokhala m'galajamo tsiku lonse osagwira kanthu, ndiponso kuti adokotala anali atawachenjeza kale za mtima.

Loweruka m'mawa Winfrida anavala ovololo yake ya ku depoti, ananyamula bokosi la zida, n'kukankha chitseko cha galaja osagogoda. A Biswick anayamba za bondo la apongozi. Iye anawauza kuti bondolo lili bwino ndipo likupereka moni, kenako anagona chagada pansi pa chiwongolero n'kuyamba kuzula mawaya opserera aja. Zimene anaonazo zinamudabwitsa. Waya aliyense anali atafinyidwa bwinobwino kumapeto, atakutidwa mwaukhondo, atamangidwa mowongoka kuposa mmene anzake ena a ku depoti amachitira. Ntchito ya manja inali ya katswiri. Kungoti mawayawo ankapita malo olakwika.

"Alamu, ndipatseniko waya wofiira uyo pa tebulo."

M'dzanja mwake munafika waya wobiriwira. Anayesa ndi nthabwala za chilamu, n'kubwereza pempho lake. Panapita kanthawi, kenako munafika wabulauni. Winfrida anatulutsa mutu. A Biswick anali ataima pa tebulo, manja ali lendee pamwamba pa mawaya asanu, osadziwa wogwira. Sankaseka.

"Mlamu," anatero osamuyang'ana, "kwa ine onsewa ndi ana a munthu mmodzi."

Anakhala pa tayala n'kufotokoza zonse. Maso awo sankasiyanitsa chofiira, chobiriwira ndi chabulauni chibadwire. Ali mnyamata ku Zomba ankafunitsitsa kukhala wamagetsi, ndipo anakhoza mayeso olowera sukulu ya ntchito zamanja. Tsiku loyamba anawaonetsa mapepala a timadontho tamitundumitundu kuti atchule nambala yobisika mmenemo. Anzawo onse ankaiona, iwo ankangoona timadontho. Anawatumiza kowotcherera, ndipo kunyumba anakanena kuti asankha okha. Kuyambira pamenepo anauzapo munthu mmodzi yekha, mayi Gladys. Anati kusankha hanesi si kovuta, amadziwa timabuku tonse pamtima. Vuto linali lakuti kusankha kukatha, kumanga kumayamba, ndipo pomanga umafunika maso a munthu wina.

Winfrida anakumbukira Khirisimasi ina pamene alamu akewo anabwera kutchalitchi atavala golovesi imodzi yofiira, ina yobiriwira, anthu n'kuwayamikira kuti avalira nyengo, poti imeneyo ndiyo mitundu ya Khirisimasi. Mayi Gladys anali ku Chipata chaka chimenecho. Anayesetsa kudzigwira, koma phwete linamupulumuka, ndipo a Biswick atamva chimene akuseka anaseka nawo mpaka misozi. Atapuma, Winfrida anawauza kuti kwa zaka zonsezi ankayesa akumunyoza chifukwa ndi mkazi.

"Ayi," anatero iwo. "Ndimakuopani. Abusa ndawanamiza zaka naini. Inuyo zakutengerani mphindi khumi."

Ndiye anakhuthula jumbo pa boneti n'kuyamba kusankha. Winfrida anati hanesi imasankhidwa powerenga zimene galimoto ili nazo, osati zimene mwini wake amalota. Anawerenga ndi zala: magetsi akutsogolo, akumbuyo, a buleki, maindiketa, hutala, mawaipa, fani ya injini, pampu ya petulo, ndi mawotchi a padeshibodi. Zinakwana naini. A Biswick anati twente wani ndiye yabwino chifukwa tsiku lina adzafuna mawindo otsegula ndi batani. Iye anawakumbutsa kuti denga analitsitsa kwambiri moti windo latsala ngati pobowoka poponyera makalata. Anati nanga choziziritsa mpweya. Iye anawalozera kunja, kumene mvula inali ikuwaza mwezi wa Juni. Anati nanga kafiriji ka zakumwa, mipando yotentha, kanema wa apaulendo akumbuyo. Winfrida anatenga tepi yoyezera n'kuwaonetsa kuti bokosi la mafyuzi la twente wani silingalowe pansi pa deshibodi pokhapokha iwo atavomera kudulidwa mwendo wakumanzere. A Biswick anauyang'ana mwendowo kwa nthawi yaitali ndithu, ngati akuganizira.

Anagwirizana pa thwelofu, ya mawaya okhuthala bwino, ndiponso ya mtundu umene waya aliyense amakhala atalembedwa dzina la ntchito yake kuyambira koyambira mpaka kumapeto. A Biswick ankaidziwa kalekale hanesi imeneyo, inali patsamba lopindidwa kwambiri m'timabuku mwawo. Chimene chinkawagwetsa ulesi n'chakuti nyali ndi maswitchi akale a m'galimotomo anali ndi timichira tawo ta mawaya amitundu, topanda zilembo. Winfrida anatulutsa tepi yoyera ndi cholembera, ndipo pofika nthawi ya nkhomaliro kamchira kalikonse kanali ndi dzina. Anaitanitsa hanesiyo pafoni yake. A Biswick anapempha kuti adine okha batani lomaliza, ndipo chala chinaima m'malere nthawi yaitali moti Winfrida anachigwira n'kuchitsitsa.

Anagwira ntchito Maloweruka anayi. Winfrida sanafinye waya ngakhale mmodzi. A Biswick ndi amene ankadula, kusenda ndi kumanga, magalasi ali pamphuno, akuwerenga zilembo mokweza ngati mwana wa sitandade wani, iye akungotsimikizira ndi mita yake. Anthu akasuzumira n'kufunsa kuti Winfrida akutani mmenemo, a Biswick ankayankha kuti wabwera kudzawagwirira tochi. Mayi Gladys ankabweretsa mandasi ndi fulasiki, ndipo tsiku loyamba anangomuyang'ana mng'ono wawo m'maso, n'kudziwa kuti wadziwa.

Loweruka lomaliza, makina ogumulira ataimikidwa kale pageti kudikira Lolemba, mpingo unasonkhananso. Ulendo uno anthu anabwera okonzeka. Mlembi ananyamula chozimitsira moto cha kutchalitchi, amayi awiri anali ndi zidebe, ndipo abusa anasankha kupempherera kutsidya kwa msewu kuyambira pachiyambi. A Biswick anatembenuza kiyi. Chiinjini chija chinatsokomola kawiri, kenako chinabangula. Nkhunda zinabalalika pa madenga onse, maalamu a galimoto anayamba kulira mpaka kumapeto kwa msewu, ndipo munthu wina wa m'mafulati anatsegula windo ali ndi sopo kumaso. A Biswick anayatsa magetsi, magetsi anayaka. Anayatsa indiketa, indiketa inaphethira. Ataponda buleki, anthu onse anagwira mpweya. Kunali zii, nyali ziwiri zokha kumbuyo zitayaka. Sizinachitikepo ku Croydon kuti anthu aimbe nthungululu chifukwa hutala sinalire, koma tsiku limenelo zinachitika.

Mayi Gladys anakhala kutsogolo atavala chipewa chawo cha pa Isitala. Winfrida anadzipinda kumbuyo, mawondo ali m'chibwano, mafyuzi apadera ali m'thumba. Galimoto yomangidwira liwiro la ndege inatuluka pageti ikukwawa. A Biswick anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri ndipo sanapitirire mamailosi fifitini pa ola. Wanjinga anawadutsa. Gogo wina wachizungu wa pa kanjinga kamagetsi ka okalamba anayenda nawo limodzi mtunda wonse wa pamashopu, akufunsa kuti galimotoyo ndi ya chaka chanji, ndipo atatopa anatsanzika n'kuwasiya m'mbuyo. Pa maloboti oyamba Winfrida anamva mkulu wake akunena motsitsa kuti "girini", osatembenuka n'komwe. A Biswick anati akudziwa, nyali yapansi ndiyo yayaka, ndipo akhala akuwauza mayiwo zimenezi zaka makumi anayi. Mayi Gladys anati akudziwa kuti akudziwa. Pa maloboti otsatira ananenanso.

Ulendo wa mamailosi awiri unatenga theka la ola. Atafika kunyumba, Winfrida anapeza kuti kadimba ka mayi Gladys ka pambali pa nyumba, kamene ankadzalamo chibwabwa ndi repu chilimwe chilichonse, kanali katazulidwa n'kuyalidwa miyala. Munthu yemwe uja anavota kuti galimoto igulitsidwe anali ataikonzera pogona.

M'mawa mwake kutchalitchi, nthawi ya maumboni, a Biswick anaimirira opanda jumbo. Anafotokoza za timadontho ta ku Zomba, za waya wofiira, ndi za amene anagwiradi ntchito ya maso. Winfrida sanayembekezere zimenezo ndipo anangoyang'ana pansi. Kenako munthu wina kumbuyo anakumbukira magolovesi aja, mpingo wonse n'kufa ndi phwete. Abusa analephera kulalikira kwa mphindi zisanu.

Musayese kuti anthu anapuma. Hanesi ya thwelofu pa galimoto ya zinthu naini imasiya maseketi atatu opanda ntchito, ndipo a Biswick anayamba kuyendayenda kufunsa aliyense kuti aikepo chiyani. Kusiyana kwake kunali kwakuti tsopano woyamba kufunsidwa anali Winfrida, pafoni, nthawi zina ali pansi pa sitima. Anasangalala ndi galimotoyo zilimwe ziwiri. Inanyamula akwati atatu, inapita ku chionetsero cha galimoto zakale kumene azungu andevu anagwada kuyang'ana pansi pa deshibodi n'kuyamikira ukhondo wa mawaya, ndipo sinapserezepo fyuzi ngakhale imodzi. Mwezi wa Febuluwale wotsatira, Lachitatu masana atangomaliza kudya, a Biswick anati akufuna kupumula pang'ono pampando wawo. Mayi Gladys atabwera ndi tiyi anapeza atapita.

Patatha mwezi, Winfrida anapita kukathandiza mkulu wake kulongedza zovala. Atatembenuza kolala ya shati yoyamba anapeza kachilembo ka inki kakuti "buluu". Yachiwiri inali ndi "girini". Matayi onse, majuzi, ngakhale masokosi, chilichonse chinali ndi kadzina kake kobisika m'zilembo za mayi Gladys, zina zitafufutika ndi kuchapa n'kulembedwanso pamwamba. Panali shati ina yakale kwambiri, ya asanakwere ndege kuchoka kumudzi, yolembedwa ndi ulusi. Winfrida anakhala pa bedi ataigwira, ndipo tsiku limenelo sanalongedze kanthu.

Pamene panali magalaja pano pali mafulati a nsanjika zisanu, ndipo okhalamo sadziwa kuti pansi pawo panatulukapo utsi wabuluu. Kutchalitchi tiyi amatha msanga. Anthu amatsuka makapu, amapinda mipando, kenako amaima pakhomo atavala makhoti, akuyang'anana ngati pali wina amene sanamalize kulankhula. Maukwati amayenda motsatira pulogalamu ndipo mpunga umadyedwa wotentha, koma pobwerera kunyumba anthu sakhala ndi chosimba.

Mayi Gladys sayendetsa galimoto, ndipo onse ofuna kugula amawabweza pageti. Loweruka lililonse m'mawa Winfrida amabwera kudzailiza kuti batire isafe. Amavundukula lona, amakhala pa chiwongolero, ndipo mkulu wake amatuluka ndi kapu yawo ya tiyi n'kukhala mbali inayo. Sapita kulikonse. Mphindi khumi zimakwana, ndipo Winfrida akatambasula dzanja kuti azimitse, mayi Gladys amaligwira.

"Isiye ilireko pang'ono," amatero, tiyi akunjenjemera m'kapu.